Anaika ndani pa mbedza? Za mabuku awiri osaka wambanda

Pali nkhani imene ambirife timaidziwa pamtima, ngakhale amene sanatsegulepo buku lake. Mtembo wapezeka. Patapita masabata angapo wina wapezekanso, ndipo waphedwa chimodzimodzi woyamba uja. Apolisi mitu yaima, manyuzipepala akukuwa, kenako akuluakulu akupita kukaitana munthu mmodzi, wofufuza milandu amene amaona zimene anzake saona. Kawirikawiri mkuluyu amamwa, banja lake linatha kapena lili pendapenda, tulo sakuona. Amamata zithunzi pakhoma, kuziyang'anitsitsa usiku wonse, mpaka tsiku lina zonse n'kulumikizana. Wambanda uja agwidwa kapena awomberedwa, ife n'kuzimitsa foni, n'kugona mtima uli m'malo.

Ine nkhani zoterezi ndimazikonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma pamene ndikunka ndiwerenga zambiri, funso loti “wopha anthuyu ndi ndani?” likundichepera. Limene landigwira tsopano ndi ili: kuti nsombayo ikodwe, anaika ndani pa mbedza? Msodzi aliyense akuuzani kuti mbedza yopanda nyambo sigwira kanthu. Akuuzaninso kuti nyambo saifunsa maganizo.

Ndikufuna tiike mabuku awiri pamphasa imodzi. Loyamba ndi Red Dragon la Thomas Harris wa ku America, lomwe linatuluka mu 1981. Lachiwiri ndi la Friedrich Dürrenmatt wa ku Switzerland, lomwe linatuluka m'Chijeremani mu 1958 ndi dzina loti Das Versprechen, ndipo m'Chingerezi mukalipeza ngati The Pledge, kutanthauza lonjezo. Ndichenjezeretu: ndiulula mathero a onse awiri. Amene simufuna zimenezo, kawerengeni kaye, mudzandipeza pompano.

Nyambo imene sitiilira

Mu Red Dragon, mabanja awiri aphedwa m'nyumba zawo usiku, a Jacobi ku Birmingham ndi a Leeds ku Atlanta. Onse aphedwa mwezi uli wathunthu kumwamba, ndiye apolisi akudziwa kuti atsala ndi masabata ochepa banja lachitatu lisanathe. Jack Crawford wa FBI akupita ku Florida kukanyengerera Will Graham, yemwe anasiya ntchito n'kumakonza mainjini a maboti, kuti abwerere. Mphatso ya Graham ndi yoopsa: amatha kulowa m'mutu mwa wambanda n'kumaona chipinda mmene iyeyo anachionera. Ndi Graham yemweyu amene anagwira Hannibal Lecter, dokotala wa maganizo wodya anthu uja, ndipo ali ndi chipsera pamimba chomukumbutsa tsikulo.

Harris ndi mmisiri, tisanamizane. Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti amatenga nthawi kutidziwitsa akufa. Graham amayenda m'nyumba ya a Leeds, amawerenga zimene mayi wa m'nyumbamo ankalemba, amaonera timafilimu timene banjalo linkadzijambula likusewera ndi galu. Ndipo yankho la mlandu wonse lili momwemo. Wambandayo anadziwa za galuyo, anabweranso ndi chodulira loko wa chitseko chimene anachiona pa filimu ya a Jacobi. Ndiye kuti anaonera mafilimu amenewa asanaphe. Onse anakatsukidwa pa kampani imodzi ku St. Louis, kumene Francis Dolarhyde amagwira ntchito. Mwaonatu: yankho likubwera chifukwa Graham anayang'anitsitsa moyo wa ophedwa, osati chifukwa cha nzeru za Lecter.

Koma tiyeni ku mbedza ija. Pakati pa buku, Crawford ndi Graham akuganiza zomuputa wambandayo. Akuitana mtolankhani wa nyuzipepala yamiseche, Freddy Lounds, n'kumupatsa nkhani yonyoza chigawengacho, kuchitukwana pa umuna wake, n'cholinga choti chikwiye chibwere kudzalimbana ndi Graham apolisi atabisala. Pojambulitsa chithunzi, Graham akuika dzanja paphewa la Lounds ngati ndi mabwenzi. Dolarhyde sakupita kwa Graham. Akugwira Lounds, kumuluma milomo, kumumangirira pa njinga ya olumala n'kumuyatsa moto mumsewu wa ku Chicago.

Tsono taonani chimene Harris watichita. Asanamuphe Lounds, wayamba watidanitsa naye. Ndi wabodza, wadyera, anajambulapo Graham ali chigonere m'chipatala n'kutsatsa zithunzizo. Akamafa timachita nthumanzi, inde, koma kamtima kena kamati waziona. Bukuli limafunsa lokha ngati Graham anaika dzanja lija mwadala, ndipo Lecter amamulembera kalata yomuyamikira. Funsolo ndi labwino, koma likutithandiza kudziwa Graham, osati kulira Lounds. Nyambo yadyedwa, ife tikuda nkhawa ndi mtima wa msodzi.

Ndiye pali Lecter. M'buku ili amaoneka pang'ono chabe, koma ndi iye amene dziko linamukonda, makamaka filimu ya The Silence of the Lambs itatuluka mu 1991 n'kutenga mphoto zisanu zikuluzikulu za Oscar. Kuchokera pamenepo tinaphunzira kuganiza kuti wopha anthu motsatizana ndi munthu wanzeru zakuya, womvera nyimbo zapamwamba, woyankhula mofatsa, amene akusewera bawo ndi apolisi. Funsani anzanu amene anaonera mafilimuwa. Lecter amutchula msanga. Afunseni dzina la mwana mmodzi wa a Leeds, muone.

Nyambo yovala diresi lofiira

Buku la Dürrenmatt linabadwa mwachilendo. Iye anayamba walemba nkhaniyi ngati filimu yochenjeza makolo za anthu ochitira ana nkhanza, ndipo mu filimuyo, yomwe inatulukanso mu 1958, wapolisi amapambana, chigawenga chimakodwa. Mathero amenewo sanamukhutiritse mlembiyu. Anailembanso nkhaniyo ngati buku, n'kuika pansi pa mutu wake mawu osonyeza kuti iyi ndi nyimbo ya maliro a nthano zaupolisi.

Mfotokozankhani woyamba ndi mlembi wa nthano zaupolisi amene wapita ku tauni ya Chur kukakamba za luso lake. Kumeneko akukumana ndi Dr. H., mkulu wa apolisi wopuma wa ku Zürich, yemwe akumupatsa lifiti. Panjira akuima pa malo ena omwetsera mafuta, pomwe pakhala nkhalamba yoledzera, yauve, yongoyang'ana msewu. Dr. H. akuti ameneyu anali wapolisi wake wanzeru kuposa onse, dzina lake Matthäi. Buku lonse ndi kufotokoza mmene anafikira pa benchi imeneyo.

Kamtsikana kotchedwa Gritli Moser kapezeka kataphedwa ndi lumo m'nkhalango pafupi ndi mudzi wa Mägendorf. Amene wapeza mtembo n'kuimbira apolisi ndi von Gunten, wogulitsa malonda oyendayenda. Tsoka lake, m'katundu wake muli malumo, ndipo anamangidwapo kale pa mlandu wokhudza mtsikana wamng'ono. Anthu a m'mudzi akufuna kuthana naye pomwepo. Matthäi akumupulumutsa kwa gululo, koma apolisi anzake akumupanikiza ndi mafunso kwa maola oposa 20 mpaka akuvomera, kenako akudzimangirira m'selo. Mlandu watha. Aliyense wapuma.

Koma Matthäi anali atapita kukauza makolo a Gritli za imfayo, ndipo mayi ake anamulumbiritsa kuti adzapeza amene wapha mwana wawo. Iye anavomera mongofuna kuti achokepo. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Matthäi amayenera kukwera ndege kupita ku Jordan kukagwira ntchito yapamwamba. Pabwalo la ndege akuona gulu la ana asukulu, n'kubwerera.

Chimene ali nacho m'manja ndi chithunzi chimene Gritli anajambula kusukulu: chimphona, galimoto yakuda, tinthu tonga tinungu, ndi nyama ya nyanga. Apolisi ena akuti ndi maloto a mwana. Matthäi akumasulira chimodzichimodzi. Tinungu tija ndi timaswiti ta chokoleti tokhala ndi timinga. Nyama ya nyanga ndi mbuzi ya m'mapiri imene ili pa chizindikiro cha manambala a galimoto za ku Graubünden. Atsikana ena awiri anaphedwanso chimodzimodzi m'zaka za m'mbuyo, m'madera a St. Gallen ndi Schwyz. Ndiye wambandayo amayenda pa msewu wa pakati pa Chur ndi Zürich. Anyamata owedza nsomba akumuphunzitsa chotsala: sankha malo abwino, ika nyambo yamoyo, dikira.

Matthäi akutenga malo omwetsera mafuta aja. Akulemba ntchito mayi wina wosauka, Heller, chifukwa choti ali ndi mwana wamkazi, Annemarie, wofanana ndi Gritli. Mayiyo sakumuuza chifukwa chake. Mwanayo amasewera m'mbali mwa msewu atavala zofiira, kuti aliyense wodutsa amuone. Ndipo zikutheka ndithu: tsiku lina Annemarie akupezeka ndi timaswiti tija, akuti wamupatsa wamatsenga. Apolisi akubisala m'nkhalango, kudikira masiku. Munthuyo sakubwera.

Apa ndi pampondachimera pa bukuli, ndipo mulibe mfuti, mulibe kuthamangitsana. Abambo akuluakulu ovala masuti, pamodzi ndi woimira boma pamilandu, atopa ndi kudikira. Akumuzungulira mwanayo, kumukalipira kuti atchule dzina, kenako akumumenya. Anthu amene anabwera kudzateteza mwana ndi amene akumumenya m'nkhalango. Mayi ake atazindikira chimene mwana wawo wakhala ali, akumunyoza Matthäi pamaso. Harris sanatilole kuona nyambo motere. Lounds anatidanitsa naye. Annemarie palibe pomudera, ndiye manyazi onse akugwera msodzi, ndi ife amene timamuchemerera.

Patapita zaka, Dr. H. akuitanidwa kuchipatala kumene gogo wina wolemera, mayi Schrott, ali kumapeto. Pakati pa nkhani zake zosatha za m'bale wake amene amadana naye, akutchula ngati nkhani wamba kuti malemu mwamuna wake Albert, yemwe poyamba anali wantchito wa pakhomopo, ndi amene anapha atsikana atatu aja. Iye ankadziwa, ankangomudzudzula kuti asadzachitenso. Khoswe anakhala pamkhate. Tsiku limene apolisi ankadikira lija, Albert ananyamukadi kupita kwa Annemarie, koma panjira galimoto yake inawombana ndi lole, n'kufera pomwepo. Matthäi analondola chilichonse. Koma pamene Dr. H. akukamuuza, mutu wake unapita kale. Akadali pabenchi, kudikira.

Kodi Dürrenmatt akunena zoona?

Mfundo ya Dr. H. ndi yakuti alembi a nthano zaupolisi amanamiza anthu. Amamanga dziko limene zonse zimagwirizana ngati masamu, pomwe ntchito yeniyeni ya apolisi imadalira kwambiri mwayi ndi tsoka. Mbiri ya milandu yeniyeni ili kumbali yake.

Ku England, Peter Sutcliffe anapha akazi 13 pakati pa 1975 ndi 1980. Sanali dokotala wanzeru zakuya, anali dalaivala wa lole. Apolisi anamufunsa mafunso maulendo 9 n'kumamusiya, mwa zina chifukwa anakhulupirira tepi yabodza imene munthu wina anawatumizira, n'kumasaka munthu wa kayankhulidwe ka ku Sunderland. Anagwidwa mu January 1981 ku Sheffield chifukwa galimoto yake inali ndi manambala abodza. Chaka chomwecho ndi chimene Red Dragon inatuluka.

Von Gunten nayenso alipo m'moyo weniweni. Ku Hwaseong, m'dziko la South Korea, akazi anaphedwa motsatizana kuyambira 1986 mpaka 1991, nkhani imene Bong Joon-ho anapangira filimu ya Memories of Murder mu 2003. Mwini mlanduwo, Lee Choon-jae, anadziwika mu 2019 kudzera mu DNA, ali kale m'ndende pa mlandu wina wakupha. Koma pofika nthawi imeneyo, bambo wina anali atakhala m'ndende zaka 20 chifukwa cha imodzi mwa imfazo, atavomera apolisi akumuzunza. Khoti linamuyeretsa mu 2020. Zaka 20, abale, kuti faelo itsekedwe.

Kwathu kunonso tili ndi phunziro lake. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'madera a Blantyre, nkhani imene mpaka lero imadziwika kuti ya ku Chilobwe. Mphekesera zinali ponseponse, zina zoti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa. Khoti litamasula anthu amene anayamba kuimbidwa mlanduwo, andale anakwiya, lamulo linasinthidwa, ndipo makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, woimbidwa mlandu alibe loya. Mu 1970 anagwidwa Walla Laini Kawisa, yemwe anavomera n'kuweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale ambiri sanakhulupirire kuti anachita yekha. Makhoti a mafumu aja anatsala, ndipo ndi amene anadzaweruza Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983. Anthu akachita mantha amafuna dzina msanga, ndipo chimene amapereka kuti alipeze sichibwerera tsiku limene wambanda wagwidwa. N'chifukwa chake gawo la anthu a ku Mägendorf atazungulira galimoto ya apolisi silimveka lachilendo kwa aliyense amene anaonapo gulu likukuwa kuti wakuba pamsika.

Pamene Dürrenmatt akupunthwa

Ndisamuchemerere mopitirira. Bukuli lili ndi zofooka zake, ndipo zina ndi zazikulu.

Choyamba, ngozi ija. Dürrenmatt akuti moyo umayendetsedwa ndi mwadzidzidzi, koma lole imene inawomba Albert anaitumiza ndi iyeyo, pa tsiku ndi ola limene ankafuna. Ngozi yokonzedwa ndi mlembi si ngozi. Iye akusewera bawo lomwelo limene akudzudzula anzake, kungoti wasankha kuti wanzeru aluze. Ndipo kumapeto akutipatsabe dzina la wambanda, mtundu wa galimoto, zonse. Owerenga tikupita kwathu tikudziwa. Mabanja ambiri a anthu ophedwa sadziwa mpaka kumanda. Bong Joon-ho, pojambula filimu yake mlandu usanadziwike, analimba mtima kuposa apa: anatisiya opanda dzina.

Chachiwiri, Dr. H. amalalikira. Masamba oyambirira ndi ena akumapeto amamveka ngati lekichala amene sakukhulupirira kuti kalasi yamva. Nkhani ya Annemarie m'nkhalango inanena kale zonse. Sinkafunika womasulira.

Chachitatu ndi chimene chimandivuta kwambiri. Buku limene likudzudzula kugwiritsa ntchito mwana ngati nyambo, nalonso likumugwiritsa ntchito. Gritli timamudziwa ngati diresi lofiira ndi chithunzi chojambula, basi. Annemarie atakula tikumuona pang'ono koyambirira, akugulitsa mowa pa malo omwewo, wooneka wotheratu akadali mtsikana. Moyo wake unawonongeka chifukwa cha lonjezo la munthu wina kwa mayi wina. Koma tsoka limene bukuli likulira ndi la Matthäi, mwamuna wanzeru amene dziko linamulakwira. Pa mfundo iyi Harris akumuposa. Reba McClane, mayi wosaona amene akukondana ndi Dolarhyde osadziwa kuti ndi ndani, ndi mpangankhani wathunthu: ali ndi nthabwala zake, zofuna zake, ukali wake pa anthu omumvera chisoni. Ndipo amene akupha Dolarhyde kumapeto si FBI, ndi Molly, mkazi wa Graham, m'nyumba mwake, mwamuna wake atabayidwa kumaso. Molly ndi mwana wake sanafunsidwe ngati akufuna kulowa m'nkhondo ya Crawford, koma Harris akuwapatsa manja.

Chachinayi, onse awiri akugwa m'mbuna imodzi pofotokoza chimene chimapanga wambanda. Dolarhyde anabadwa ndi mlomo wong'ambika, mayi ake anamutaya, agogo ake aakazi anamuzunza. Albert ndi wopepera m'mutu, wolamulidwa ndi mkazi wamkulu kuposa iye, womva mawu ochokera kumwamba. Mwaona? Konse kuwiri, chala chikuloza chilema ndi mayi wokalamba. Zimenezi zimatitonthoza, chifukwa zikutiuza kuti woipa amaoneka, ndipo anamuwononga ndi mkazi wina wake. Sutcliffe anali ndi mkazi, nyumba ndi ntchito, ndipo anzake ankamwa naye. Anthu olumala ndi odwala maganizo, amene kawirikawiri ndiwo amachitiridwa nkhanza, mabuku otere amawasenzetsa katundu yemwe si wawo.

Ndiye tiwerenge liti?

Onse awiri, koma motsatana bwino. Yambani ndi Red Dragon. Lidzakugwirani pakhosi, ndipo mudzaona mmene mmisiri amamangira mantha ndi zinthu zazing'ono ngati loko ndi galu. Mukamaliza, tengani The Pledge. Ndi lalifupi, masamba ake safika 200, mukhoza kulimaliza Loweruka limodzi. Lidzakulandani chimene loyamba lija linakupatsani, chikhulupiriro choti munthu wanzeru akalimbikira zinthu zimatheka. Kwa ine la Dürrenmatt ndi limene limatsala m'mutu, ngakhale la Harris ndi lomangidwa bwino. Amene mumakonda kuonera, Sean Penn anapanga filimu ya The Pledge mu 2001, Jack Nicholson akusewera wapolisiyo, nkhani itasamutsidwira ku America. Koma bukulo ndi louma komanso lankhanza kuposa filimuyo, ndipo kuumako ndiye mphamvu yake.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Nthawi ina mukadzatsegula buku lotere, kapena siliyo ina yatsopano pafoni, mudzawerenge anthu atatu. Woyamba, amene wamangidwa msanga kuti anthu agone: kodi nkhaniyo ikubwereranso kwa iye, kapena yamuiwala pa tsamba 40? Wachiwiri, amene waikidwa pa mbedza: kodi anafunsidwa, ndipo mlembi wakuchititsani kuti mumukonde kapena mumude asanadyedwe? Wachitatu, wophedwa: mukatseka buku, dzina lake mukulikumbuka?

Ndipo kwa anzanga amene mukulemba nthano zanu m'Chichewa, amene ena mwa inu mukufuna kutipatsa wofufuza milandu wathuwathu, sikuti musiye. Lembani. Koma musatibweretsere Lecter wovala chitenje. Tipatseni von Gunten, munthu amene anaimba foni kupolisi chifukwa ankaganiza kuti akuchita bwino. Tipatseni mayi Heller, amene anasangalala kuti wapeza ntchito ndi pogona, osadziwa kuti chimene bwana akufuna ndi mwana wake. Amenewo ndi amene sanalembedwebe mokwanira, m'chiyankhulo chilichonse.